Kamphika Koboola ka Nkhanu ya a Lameki

Sunthani chikuni icho, utsi ukundilowa m'maso. Eya, basi. Ya leroyi si ya makedzana ayi. Inagwera munthu amene enanu munamuonapo pakhonde la sitolo ku Mchinji, ataweramira kathebulo, kagalasi kali padiso, akutokosa wotchi yakufa.

Dzina lawo a Lameki Kadzuwa. Mkulu ameneyu anali ndi nthenda imodzi, nthenda yofuna kudziwa. Chinthu chikamayenda, iwo sankaona tulo mpaka atachitsegula ndi kupeza chimene chikuchiyendetsa. Wailesi, loko, ngakhale chidole cha mwana wa eni ake, zonse zinkathera pathebulo pawo zili mbwee. Koma za kumudzi, za maliro ndi miyambo yake, anali mbuli yotheratu. Anabadwira ku Halale, mwana wa mtchona, ndipo kuno anabwera ndevu zitamera kale.

Mkazi wawo a Elida, amene iwo ankawaitana kuti a Nankhoma, atamwalira anakaikidwa kwawo, kwa Msapenda. Akuchikazi anauza a Lameki kuti adikire tsiku lometa, katundu wa malemu agawidwe, iwonso asudzulidwe, ndiye kuti amasulidwe ku banja lija akhale munthu payekha. Mawu oti kusudzula anawalasa mumtima. Zaka makumi atatu ndi ziwiri, lero wina angoti basi, mwamasuka? M'mamawa anthu asanadzuke anakwera njinga yawo n'kuthawa. Atafika kunyumba anasonkhanitsa zonse za a Elida, nsalu, mipango, ndolo, mikanda, ngakhale kasupuni kamene ankatakasira tiyi, n'kuzitsekera m'sutikesi yachitsulo. Kiyi anamangirira ku lamba wa buluku.

Chimodzi chokha sichikanalowa m'sutikesi. A Elida anagwirapo ntchito yophika kwa dokotala wina wachizungu, ndipo pobwerera kwawo mzunguyo anawasiyira bokosi lagalasi losungiramo nsomba, la timiyala pansi ndi kamakina kotulutsa thovu. Munali nsomba zisanu. Zinayi zinatsatira a Elida kumanda chaka chomwecho, poti a Lameki ankazithirira chakudya ngati akudyetsa nkhumba. Inatsala imodzi, yofiira, yamchira wautali wolendewera, imene a Elida anaitcha Adona chifukwa cha kuyenda kwake konyada. Anali ataiphunzitsa kuti akagogoda galasi ndi mphete izibwera. A Lameki anapitiriza zimenezi. M'mawa uliwonse, go go go ndi mphete yawo yaukwati, Adona n'kutulukira. Mpheteyo inali itakanirira kuchala kwa zaka zambiri, sopo anailephera, mafuta anailephera. Kunena mosabisa, m'nyumba monse muja zamoyo zimene zinkawadziwa a Elida zinali ziwiri basi, nsomba ija ndi iwo. Adona akanafa, a Lameki akanalira maliro achiwiri.

Tsiku lina mnzawo a Gelesomu, dalaivala wa thiraki yopita ku Zambia, anawabweretsera mphatso m'ndowa ya udzu wonyowa. Chinali chinthu chonga nkhanu koma chachitali, chamchira wopindika, cha ndevu ziwiri zazitali, zopanira zake zili ndi mzere wofiira. Anati kumeneko zadzaza mtsinje, ndipo iwo amangozitcha nkhanu zamchira. A Lameki anachiunika ndi kagalasi kawo mpaka tiyi anazizira. Miyendo ingati? Chimapuma ndi chiyani? Nanga chimathawa bwanji chafutambuyo liwiro lotere? A Gelesomu anawauza kuti chimakhala bwinobwino ndi nsomba bola chizikhuta, kuti nthawi zina chimafundula n'kusiya chigoba, ndiponso kuti chimafuna pobisala.

"Kaphanga basi, achimwene. Chikasowa nyumba chimalusa, chidzakudyerani Adona wanuyo."

Mawa lake dzuwa lili paliwombo, a Lameki akuchokera kokapereka wotchi ya abusa ena, anaona mayi atakhala yekha m'mbali mwa msewu, pamalo popanda mthunzi, popanda nyumba. Kutentha konse kuja iye anali atafunda chitenje kumutu. Patsogolo pake panali kamphika kadothi kamodzi kokha, kovundikira, kali ndi bowo pansi pake loti dzira n'kulowa. A Lameki anamanga mabuleki. Kaphanga kaja si aka? Atafunsa mtengo, mayiyo anangokankha kamphikako ndi nsonga za zala, nkhope ili pansi. Anafunsanso. Yankho linabwera motsitsa kwambiri.

"Tengani. Mudzabweza."

Atapalasa pang'ono anakumbuka kuti sanathokoze, n'kucheuka. Msewu unali mbee, ndipo m'mbali monse munali lupsa lokhalokha moti ngakhale nkhuku sikanabisala. Wina akanakataya pomwepo kamphikako. Koma a Lameki anangoti mwina ndi maso a ukalamba, n'kupitirira, osafunsa munthu aliyense kuti mphika umabooledwa pansi chifukwa chiyani. Paja safunsa anadya phula.

Anakatsuka n'kukavundikira m'madzi muja, bowo lili cham'mbali. Nkhanu sinachite kulozeredwa. Inangolunjika n'kulowa chafutambuyo, ndevu zokha zili kunja, ngati munthu wofika pakwawo.

Usiku umenewo anamva kaphokoso kuchokera pabalaza. Kwee, kwee, kwee. Mukudziwa mmene amamvekera mayi akamapala mphika wa ndiwo ndi supuni? Ndi momwemo. A Lameki anati ndi zopanira zija zikukhula dothi, n'kutembenuka kugona. Kutacha anapeza kuti nkhanu yakokolola timiyala tonse n'kuumba kamtumbira patsogolo pa kamphika, kakatali, kosalala bwino m'mbali. Anakondwa ngati mwana. Anatenga rula n'kukayeza, kenako anakafafaniza ndi dzanja kuti aone ngati ingabwereze. Inabwereza, muyezo womwewo, malo omwewo.

Tsiku lachitatu pamwamba pa kamtumbirako panali kanthu konyezimira. Anapinda malaya n'kukatola. Inali ndolo, yagolide wabodza, ya kaduwa kobiriwira. Anaidziwa pomwepo, poti anagula ndi iwo ku Chipata chaka chimene anakwatirana. Anamasula kiyi ku lamba n'kutsegula sutikesi. M'kachitini ka ndolo munali imodzi yokha. Anaganiza kuti mwina inagweramo kalekale a Elida akusintha madzi, ndipo nkhanu yangoifukula. Anaipukuta, n'kuibwezera kwa inzake, n'kukhoma. M'mawa mwake ndolo zonse ziwiri zinali pakamtumbira, zitagonekedwa moyandikana.

Apa ndiye mukanaona mmisiri akugwira ntchito. Pachivundikiro cha bokosi lija anasanjikapo njerwa ziwiri. Pansi, kuyambira pabalaza mpaka kuchipinda, anawaza ufa. Paloko wa sutikesi anamangapo ulusi wopyapyala, mfundo yake yodziwa iwo okha. Kutacha njerwa zinali pomwepo, ufa uli see wopanda ngakhale phazi la mphemvu, ulusi uli chimangire. Koma m'madzi munali kasupuni ka tiyi kaja. Atatsegula sutikesi, nsalu yapamwamba inali yachinyezi, ikumveka fungo la dothi la mvula yoyamba, chonsecho unali mwezi wa Okutobala, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

Mantha analipo, sindikunama, tsitsi linkawayendayenda. Koma chidwi chinaposa mantha. Anafuna kudziwa ngati chinthucho chimangokonda zonyezimira, choncho anaponyamo dala kachitsulo ka wotchi ndi batani la jekete yawo. M'mawa anazipeza kunja, pathebulo, zitaumiratu. M'malo mwake munalowa pini ya mpango ndi mkanda woyera. Tsiku lina singano. Tsiku lina batani la bulauzi ya kutchalitchi. Za a Lameki ayi, za a Elida zokhazokha, kamodzikamodzi, mosathamanga. Iwo n'kumalemba m'kabuku tsiku ndi chimene chalowa, akugwedeza mutu, mwina akumwetulira kumene. Pansi pa mtima ankamva kukoma kuti m'nyumba muja mukuchitikanso kanthu.

Kukomako kunatha tsiku limene tinthu tating'ono tinatha m'sutikesi. M'mawa umenewo anagogoda, go go go, koma Adona sanabwere. Anali atakanirira pakona, pamwamba penipeni pa madzi. Pansi pake panali nkhanu, itatuluka masanasana, itaimika zopanira m'mwamba, osagwedezeka. Anaiponyera kanyama ka usipa, sinacheuke. Ataonetsetsa ndi kagalasi kawo anapeza kuti kumchira kwa Adona kwachoka kachidutswa.

Tsiku lomwelo kunafika mlendo, a Velonika, mkulu wawo wa a Elida. Mayi ameneyu akabwera paboma kudzagulitsa mtedza sankalephera kudutsira, kudzaona ngati alamu awo akudya, ndi kudzawakumbutsa mwaulemu kuti nkhani ija idakali chiimire kumudzi. A Lameki masiku onse ankangoti tidzaona. Tsikuli a Velonika anakana mpando, anati akhala pamkeka. Ali mkati mopereka moni maso awo anagwera m'bokosi lagalasi. Kenako anatembenukira kwa a Lameki.

"Alamu, kamphika aka mwakatenga kuti?"

A Lameki anafotokoza za mayi wa pamsewu, akuyesa kuseka, koma kuseka kwake sikunapse. A Velonika anasendera pafupi n'kuloza pamlomo pa kamphikako pamene panali pobenthuka. Anati anabenthula ndi iwo ali atsikana, polimbirana ndi mng'ono wawo. Kanali ka Elida, koumba mayi awo. Ndipo bowo lija anaboola ndi iwo omwe ndi mwala, tsiku lachitatu la maliro, a Lameki atathawa kale, n'kukakavundikira pamtumbira kumanda. Amatero kwawoko, anati, chiwiya cha malemu amachipha kaye kuti chitsagane ndi mwini wake, ndiponso kuti wamoyo asachikhumbe. Mphika woboola pansi ngakhale mwana wa kumudzi sautola. Masabata awiri apitawo adzukulu okumba manda ena ndi amene anaona kuti kasowa.

A Lameki anawaonetsa kabuku kaja, anawaonetsa ndolo, supuni ndi mikanda zili ndandanda pakamtumbira. A Velonika sanakuwe, sanathawe. Anangopukusa mutu mwachisoni.

"Munam'mana katundu wake, alamu. Ndiye wabwera kudzatolera yekha. Munthu uja mukumudziwa, sankasiya chinthu chake pabwalo."

A Lameki anati ngati ndi choncho ndiye kuti zatha, poti tating'ono tonse tapita, zatsala nsalu zokha, ndipo nsalu sizingalowe m'kamphika. A Velonika anayang'ana pakona paja pamene panali Adona.

"Nanga nsombayo ndi ya yani?"

A Lameki anatseka kabuku kawo. Mlendo atapita anavula malaya, atatsimikiza kuti nkhanuyo ichoke lero lomwe, ikagwere m'poto wa a Gelesomu. Anaipeza itagona chammbali kuseri kwa kamphika. Ataigwira inangoti phwa m'zala, yopepuka ngati khoko la mtedza. Chinali chigoba chokha, chathunthu, ndevu, miyendo, ngakhale timaso. Anakumbuka za kufundula zija, n'kuti ndiye kuti mwini chigoba ali pafupi. Anatukula kamphika, munalibe. Anapapasa timiyala tonse ndi zala, anasuzumira kuseri kwa kabati ndi kunsi kwa mipando. Nkhanu yamoyo sinaoneke.

Dzuwa litalowa magetsi anazima, kamakina ka thovu n'kukhala chete. A Lameki anatunga madzi a m'bokosi muja n'kuthira m'beseni, anaikamo Adona, anabwezera chivundikiro ndi njerwa zake pabokosi, n'kupita naye kuchipinda. Anakhoma chitseko, beseni analiika pafupi ndi bedi, iwo n'kukhala pansi chotsamira, dzanja lamanzere lili pamwamba pa madzi ngati chivundikiro. Anati ndione chimene chidutse pano.

Anadikira mpaka matako anachita dzanzi. Kenako kunayamba. Kwee, kwee, kwee, pabalaza. Kunapala nthawi yaitali kuposa masiku onse, n'kusiya. Kunamveka timiyala tikugwera m'chinthu, kamodzikamodzi. Kenako zii. Tochi inali m'dzanja lamanja, chala chili pabatani, ndipo munthu amene moyo wake wonse sanasiyepo chinthu chosatsegula, usiku umenewo sanayatse. Chitseko sichinalire. Koma fungo lija la dothi lonyowa linadzaza chipinda, ndipo madzi a m'beseni anagwedezeka pang'ono, kukhudza chikhatho chawo. Kenako china chake chozizira chinawagwira zala. Sichinapane. Chinangogwira, modekha, mmene a Elida ankawagwirira akafuna kuwachotsa kachitsulo kobaya kuchala.

A Lameki analankhula mumdima momwemo.

"A Nankhoma, ndinalakwa. Tengani zonse, nsalu zomwe ndikatula ndekha mawa. Koma Adona yekha ndisiyireni. M'mawa ndizipatsa moni ndani?"

Kugwira kuja kunakhalabe kanthawi, kenako kunatha. Mmene tulo tinawabera sakudziwa mpaka lero.

Anadzidzimuka atambala akulira kachiwiri. Choyamba anasuzumira m'beseni. Adona anali momwemo, akupukusa mchira wake wong'ambika. Pabalaza anapeza kamtumbira kaja kafafanizidwa, timiyala tili tayale ngati kale. Kamphika kanali kunja kwa madzi, pathebulo, kataimikidwa chagada, bowo litatsekedwa ndi mwala, m'kati mutadzaza timiyala mpaka pakhosi, nsonga ya kasupuni ikuonekera. Kanali katalongedzedwa ngati katundu wa paulendo. Njerwa zija zinali pachivundikiro pomwepo. A Lameki sanatsegule kabuku, sanayeze kanthu. Anakulunga kamphikako m'mpango, sutikesi anaimangirira pakaliyala wa njinga, n'kuyamba kupalasa, tiyi osamwa, kumaso osasamba.

Kwa Msapenda anafika dzuwa litakwera. A Velonika anakaitana amalume awo, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, amene ndiwo anali mwini mbumba. Palibe anawanyoza a Lameki, palibe anafunsa kuti munali kuti nthawi yonseyi. Atapempha njira kwa eni manda, analowa kumsitu atatu. Pamtumbira wa a Elida, chakumutu, panali kadzenje kozungulira, kosamera udzu. A Lameki anagwada, n'kumasula mpango, n'kuyamba kukhuthula kamphika kuti akavundikire pamalo pake.

Zinatuluka ndolo ziwiri, kasupuni, pini, singano, mikanda, batani, zonse monga zinalembedwera m'kabuku. Pomaliza penipeni panagwa kanthu kena kamene m'kabuku munalibe, n'kugubuduka mpaka pabondo la a Velonika. Inali mphete. A Lameki anati mwina ndi ya a Elida, koma a Velonika anakana, anati mng'ono wawo anapita nayo yake kuchala, anamuveka ndi iwo. Pamenepo ndi pamene a Lameki anayang'ana dzanja lawo lamanzere. Chala chinali chopanda kanthu. Panangotsala mzere woyera wolowa m'kati, popanda bala, popanda kutupa, pachala chimene sopo ndi mafuta anachilephera zaka zonse zija.

Amalume aja anakonza kukhosi n'kuyamba kunena kuti poti mkamwini wabwera yekha, ndi bwino akafika kumudzi akhale pansi amalize mwambo wosudzula uja. A Velonika anatola mphete ija, n'kuiika pamodzi ndi ndolo, n'kuvundikira kamphika pamwamba pake. Kanakhala ndendende m'kadzenje kaja.

"Tikachite zapakamwa chabe, amalume. Mwini wake wasudzula kale."

Nsalu zinagawidwa tsiku lomwelo, a Lameki anametedwa, ndipo madzulo anabwerera ndi sutikesi yopanda kanthu ikulira pakaliyala njira yonse. Adona anamubwezera m'bokosi lake. Nkhanu ija sinaonekenso, yamoyo kapena yakufa, ndipo a Gelesomu atati awabweretsere ina, anawauza kuti aidye okha.

M'mawa mwake anaima pagalasi monga mwa masiku onse, n'kukweza dzanja kuti agogode. Chala chinangoti phaphapha, mnofu wokhawokha, osamveka. Adona anali kuseri kwa udzu wake, osatekeseka. A Lameki anaima pamenepo mutu uli mbee, manyazi ndi chisoni zitawagwira pamodzi. Anapinda chala n'kuyesa ndi chikhadabo. Te, te, te. Kulira kwake kunali kwina, kwachilendo. Nsomba inatulutsa mutu, inazengereza, inazungulira kamodzi ndi kunyada kwake kuja, kenako inabwera mpaka pagalasi.

"Mwadzuka bwanji, Adona," anatero a Lameki. "Atisiya tonse awiri."

Ndipo misozi imene anaithawa kwa Msapenda m'mamawa uja inawapeza pomwepo, ataima, chakudya cha nsomba chili m'manja.